Ngalande za Azanyengo

Lolemba, 28 Okutobala

Mvula: 0. Chizolowezi basi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndinkalemba nambala imeneyi m'mawa uliwonse ku ofesi ya zanyengo. Ndinapuma ntchito koma dzanja silinamve. Choyezera mvula changa chili pa mtengo pakati pa dimba, mwalowa kangaude.

Akalipentala, aneba athu akumunsi, afika ndisanamalize tiyi. Ulendo wawo wa chaka ndi chaka. Ena amadziwa kuti dzinja layandikira poona mitambo, ife timadziwira iwowa. Mpando akana. Akuti: "Azanyengo, madzi anu aja. Chaka chino sindidikira kuti alowenso m'shedi mwanga. Ndimanga khoma, abwerere kwa eni ake." Ndawafunsa kuti madziwo ndi anga bwanji poti amachokera kumwamba. Akuti kumwambako si ndiye kunali kuntchito kwanu?

Choipa chake akunena zoona. Puloti yathu ndi yotsetsereka. Madzi a padenga ndi a pabwalo amakumana kuseri kwa nyumba, n'kutsika m'dimba monse, kutenga dothi labwino, mpaka pakhomo pa shedi yawo. Pakati pa dimba pali kale chigwembe chofika m'mawondo. Ndipo khomalo akamangadi, madzi adzaima pamalire, pamene pali khola la Mayi, akazi anga. Nkhuku makumi anayi. Nkhuku sizisambira.

Mayi akuti tiitane mmisiri atimangire ngalande ya simenti yotaya madzi kumsewu. Ndawauza kuti adikire, ndili ndi pulani. Andiyang'ana mmene anandiyang'anira chaka chimene ndinali ndi pulani ya akalulu oweta.

Lachitatu, 30 Okutobala

Ndamaliza maphunziro a masiku awiri ku kalabu ya alimi a madimba. Za pemakacha, ulimi wosamala nthaka ndi madzi. Alangizi ake ndi mayi wa nsapato zamatope, wosachulutsa mawu. Akuti madzi a mvula tisamawathamangitse, tiziwakolola. Ukumbe ngalande yopingasa malo otsetsereka, koma osati yoti madzi aziyendamo ayi. Pansi pake pakhale pofanana kuyambira uku mpaka uko, kuti madzi akalowamo asowe kolowera, angokhala, kenako alowe m'nthaka. Dothi lokumbalo uunjike kumunsi kwake, udzalepo udzu ndi mitengo. Usiyenso posefukira, malo amodzi otsikirapo pang'ono, kuti madzi akachuluka atuluke mwaulemu.

Ndalemba masamba asanu ndi limodzi. Ndafunsa mafunso asanu ndi anayi, ambiri ndikudziwa kale mayankho ake. Pamene ankaonetsa kayezedwe ndi chimango cha A, chomwe ndi mitengo itatu yomanga ngati chilembo A, chingwe ndi mwala wolendewera, ine ndinali ndikufotokozera bambo amene ndinakhala nawo pafupi za mitundu ya mitambo. Munthu amene wagwira zida zenizeni moyo wake wonse sangachite kuphunzitsidwa mwala wa pachingwe.

Kunyumba, Mayi akusita. "Ndiye kuti madzi omwe akutivutawo tiwasunge?" Eya. "Pakhomo pompano?" Eya. Angoti mmm, n'kutembenuza malaya.

Lachisanu, 1 Novembala

Chimango ndapanga ndekha ndi nsungwi. Mayi amati bwanji osapempha Akalipentala. Ine? Kukapempha munthu wa khoma? Pakati pake ndayeza ndi rula n'kulembapo ndi bolopeni yofiira. Chokongola ndithu.

Ndayenda nacho dimba lonse, ndikukhoma zikhomo. Mizere itatu: wapamwamba, wapakati, wapansi. Yonse yokhotakhota ngati njira ya munthu wochokera ku bala. Wapakati wadutsa m'matimati a Mayi. Wapamwamba wadutsa pansi pa chingwe choyanikira zovala.

"Bambo, simungawongoleko?" Ndawauza kuti si ine ndikukhota, ndi nthaka. Akuti nthaka imeneyi akhala nayo zaka makumi atatu, sinakhotepo mpaka ine nditapita ku kalabu.

Loweruka, 2 Novembala

Tsiku loyamba kukumba. Mamita anayi. Matuza asanu.

Lachiwiri, 5 Novembala

Nthaka ili gwa. Piki ikumadumpha. Ndikumayamba dzuwa lisanatuluke, kuleka cha m'ma 9, kenako kugona chagada pakhonde ngati wagundidwa ndi njinga.

Anthu odutsa m'kanjira ka kumbali akumaima. Mayi wina wogulitsa makala watula dengu, wayang'ana dzenje lalitali ndi mulu wa dothi pambali pake, n'kufunsa motsitsa mawu ngati pakhomo pano pagwa zovuta. Ndamufotokozera za kukolola madzi. Akuti, "Oo. Pepani ndithu." Wasenza dengu lake.

Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino, waimba foni. Mayi amuuza kale zonse, mwina n'kuwonjezerapo. "Adadi, BP yanu mukuikumbukira?" Ndamuuza kuti ndi iye yemwe ankati ndizichita masewera olimbitsa thupi. Akuti ankatanthauza kuyenda pansi, osati kulowa pansi.

Lachinayi, 7 Novembala

Akalipentala atsitsa njerwa pamalire. Thirakitala imodzi yathunthu. Azisanja bwinobwino poti ndizizionera pawindo la kuchipinda.

Mayi akhala nthawi yaitali kukhola madzulo ano. Sanandiyankhule za simenti. Bola akanayankhula.

Lolemba, 11 Novembala

Yapamwamba yatha. Yapakati yatha, matimati asanu ndi atatu apereka moyo wawo. Yapansi yatsala pang'ono. Posefukira ndikonza komaliza, nthawi ilipo. Ndayang'ana mphepo, ndayang'ana mitambo, ndaona zolemba zanga za zaka khumi zapitazi. Mvula yeniyeni siingagwe lisanafike 22. Ndawauza Mayi kuti akhoza kuchapa mabulangete Lachinayi mopanda nkhawa.

Lachinayi, 14 Novembala

Mvula: 38 mm. M'mphindi makumi anayi.

Sindikufuna kulemba. Ndilemba mawa.

Lachisanu, 15 Novembala

Inayamba cha m'ma 2 masana, mabulangete ali pachingwe. Ndinathamangira kudimba ndi ambulera kuti ndikaone madzi anga ataima. Sanaime. Analowa m'ngalande yapamwamba n'kuyamba ulendo, onse kulowera mbali imodzi, mwadongosolo, ngati ana a sukulu popita kukaimba nyimbo ya fuko. Mbali ina youma, mbali ina yodzaza. Kenako mulu wa dothi unangoti phwaa. Madzi a yapamwamba anagwera m'yapakati, nayonso inaphulika pakona yomweyo, kenako yapansi. Zaka zonsezi madzi ankapita kwa Akalipentala mobalalika, pang'onopang'ono. Ine ndawasonkhanitsa, ndawafoletsa, ndawatumiza onse nthawi imodzi pamodzi ndi dothi la milungu iwiri.

Khola linapulumuka, madzi anadutsa pambali. Shedi ayi.

Ndinatsikira komweko. Matope kulekeza m'akakolo. Munali zitseko zisanu ndi chimodzi za kasitomala, zopala kale, zoimika pakhoma, zonse zitamwa matope kumunsi. Kabati yatsopano. Utuchi ukuyandama. Akalipentala ndi akazi awo akukweza matabwa pa benchi. Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndinali nditakonzekeratu. Anangondilozera mbali ina ya chitseko kuti ndigwire. Tinanyamula zitseko zonse, kabati, matabwa, mpaka mvula inakata. Pomaliza ndinati pepani. Anati, "Samalani msomali apo."

Kunyumba Mayi anali atapachika mabulangete pamipando yonse ya pabalaza. Ananditenthetsera madzi osamba. Nawonso sanandilalatire. Anthu awa anapangana kapena?

Ndinagwira ntchito yoyeza mvula kwa zaka zonsezija, ndinkalakwitsa ndithu, koma ndinkalakwitsira papepala. Papepala sipanyowa zitseko za munthu.

Loweruka, 16 Novembala

M'mawa Akalipentala akwera kuno, levulo yawo yoyezera ili m'thumba la ovolosi. Ayenda m'mbali mwa ngalande yapamwamba kuchokera kouma mpaka kophulika, manja kumbuyo, ngati wapolisi pamalo a ngozi. Kenako apeza chimango chitatsamira mtengo wa mapeyala. Achiimika pakhonde, pa simenti, ayang'ana chingwe. Achitembenuza, ayang'ananso. Atulutsa tepi.

"Wapanga ichi ndani?"

Ndati ndinachita kubwereka.

Mayi, ali kukhitchini, osatulutsa n'komwe mutu: "Anabwereka kwa iwo eni."

Mwendo wina ndi wautali ndi zala ziwiri. Zala ziwiri zokha. Koma ine ndinkachikoka chimangocho kutsogolo osachitembenuza, mwendo wautali uli patsogolo nthawi zonse, ndiye sitepe iliyonse ndinkatsika zala ziwiri. Akalipentala awerengetsa pamtima: pofika kumapeto ndinali nditatsika pafupifupi theka la mita. "Simunakumbe chosungira madzi, achikulire. Munakumba msewu wopita kwanga."

Adula mwendowo ndi sowo, kukoka katatu basi. Andionetsa kapezedwe ka pakati: kuimika, kulemba pamene chingwe chaima, kutembenuza miyendo isinthane malo, kulembanso, pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiye penipeni. Chizindikiro changa chofiira chili patali ndithu, chokhachokha. Ndikukhulupirira kuti zimenezi n'zimene alangizi ankaonetsa ine ndili pa mitambo.

Ndawathokoza. Akuti ndisathokoze, sakuthandiza ine, akuthandiza zitseko zawo. Mmisiri wa khoma akubwera pa 2 Disembala, ndiye tsiku lokhalo limene ali ndi mpata.

Lolemba, 18 Novembala

Tayezanso zonse. Ndikuti "ta" chifukwa Mayi atuluka okha ndi chipewa changa chakale. Akuti maso anga sawakhulupiriranso, chingwe aziwerenga ndi iwo. Ine ntchito yanga ndi kusuntha mwendo ndi kukhoma chikhomo pamene andiuza. "Kwezani. Tsitsani. Mwatsitsitsa. Bambo, ndati pang'ono." Tsiku lonse. Ndinali ndi bwana wovuta ku ofesi, koma ankapitako ku tchuthi.

Mizere yatsopano yakhota kuposa yakale. Mayi sanadandaule. Yawo imeneyi.

Lachitatu, 20 Novembala

Kukwirira zomwe ndinakumba, kukumba zomwe ndinasiya. Nthaka yafewako, mvula ija inathandiza pamenepo pokha. Mayi wa makala wadutsanso, watiwona tikukumba awiri, wagwedeza mutu. Ndikuganiza kuti akuti matendawa ndi opatsirana.

Lachisanu, 22 Novembala

Tsiku langa la mvula lija. Kumwamba kuli mbee, ngakhale kamtambo.

Lachiwiri, 26 Novembala

Zitatu zonse zatha, ndipo ulendo uno posefukira tinayamba ndi pomwepo. Yapamwamba isefukira m'yapakati, yapakati m'yapansi, yapansi kumbali ya kanjira, kutali ndi khola, kutali ndi shedi. Tayalapo miyala. Mayi sanakhutire ndi chingwe chokha: athira ndowa zitatu m'ngalande iliyonse kuti aone ngati madzi asankhe mbali. Sanasankhe.

Pa milu ya dothi tadzala udzu wa vetiva, nandolo ndi maungu, n'kuphimbira ndi udzu wouma. Mayi awonjezerapo matimati asanu ndi atatu. Anawerenga mokweza.

Madzulo ndinawamva pafoni ndi mwana: "Ayi, zikuoneka ngati zanzeru ndithu. Koma usawauze."

Lachinayi, 28 Novembala

Mvula: 46 mm.

Inayamba tikudya chamasana. Tinasiya mbale. Ambulera imodzi, anthu awiri, aliyense kunyowa phewa limodzi. Madzi anatsika pabwalo ofiira, aukali ngati kale, analowa m'yapamwamba, n'kusowa chochita. Anafalikira uku ndi uku, kukwera pang'onopang'ono, mofanana, kuchokera ku mapeyala mpaka ku mpanda. Itadzaza, anadutsa pa miyala paja mwakachetechete kulowa m'yapakati. Yapansi inangofika theka. Kumunsi kwake sikunadutse ngakhale kapu imodzi.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Mvula ndaiyeza kambirimbiri, koma ndinali ndisanaionepo itakhala pansi pakhomo panga. Ndinapukuta m'maso. Ndinauza Mayi kuti ndi chimfine.

Kumunsi, Akalipentala anali pakhomo pa shedi ndi fosholo ndi matumba a mchenga, atavala majombo, okonzeka. Anadikira. Anadikirabe. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana kwathu. Ndinawabayibitsa. Analowa m'shedi.

Lachisanu, 29 Novembala

M'mawa madzi onse alowa pansi, m'ngalande mwangotsala matope osalala. Ndameta ndevu, ndavala malaya abwino, ndakhala pakhonde, kuti Akalipentala akabwera kudzathokoza asandipeze mosalongosoka. Ndakonzanso yankho lodzichepetsa.

Sanabwere.

Lolemba, 2 Disembala

Mvula: 12 mm dzulo. Mmisiri wa khoma sanaoneke. Sindikudziwa ngati anamuletsa kapena wangochita zaumisiri. Njerwa zili pomwepo. Akalipentala sanabwerebe. Malaya abwino aja ndawabweza m'sutikesi.

Lolemba, 9 Disembala

Sabata yathunthu dzuwa lokhalokha. Kwa ena mbewu zayamba kufota. Kwathu ukakanda pansi pa udzu wophimbira, chala chikutuluka chonyowa. Ndakanda kasanu lero.

Ndipo Akalipentala abwera! Pampando anakhala, chinthu chimene sanachitepo. Ndinati yankho langa lodzichepetsa lija lapeza ntchito. Anatsokomola, n'kuti:

"Azanyengo, mwanditsekera madzi."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

Nkhani yake ndi iyi. Kuseri kwa shedi kuli nthochi zawo, mapando asanu ndi awiri, ndi kadimba ka akazi awo. Pali dzenje limene madzi athu ankathera akamaliza kuyendera shedi. Ankabwera ndi dothi lathu, ndi manyowa a nkhuku za Mayi. Zaka zonsezi nthochizo sanazithirirepo, sanaziikirepo feteleza, ndipo mikoko yake anthu ankachita kuima pamsewu kuti aione. Tsopano dzenje lili gwa. Akazi awo akutunga pampopi kuthirira masamba, ndipo akuti m'nyumba mwawo simukukomanso.

Ndinawakumbutsa, mofatsa kwambiri, kuti madziwo ankati ndi anga. Akuti eya, koma munthu sumangosintha zinthu osauza anzako. Ndinafunsa ngati akufuna ndiwabwezere m'shedi. Akuti asalowe m'shedi, koma afike ku nthochi. Ndinati madzi sadziwa kuwerenga zikwangwani.

Ndinasangalala, ndisaname. Ndinasangalala kuposa pa 46 mm paja. Mayi ndi amene anasokoneza: anatuluka ndi tiyi, makapu atatu, n'kufunsa kuti nthochizo zili mbali iti kwenikweni.

Lachitatu, 11 Disembala

Tinapita kukaona, atatu. Nthochi zili kumanzere, shedi kumanja. Posefukira pa yapansi tikapatseka ku kanjira n'kupatsegula kumanzere, madzi otsala angathe kutsikira ku nthochi osayandikira zitseko. Ndinayamba kufotokoza kuti nkhani yotere imafuna kuwerengetsa kaye, kukula kwa denga, mamilimita, katsetserekedwe. Pobwerera m'mbuyo kuti ndiwalozere bwino, ndinaponda m'mphepete mwa ngalande yanga yomwe. Ndinagwa chagada m'katimo.

Msana. Anandinyamula awiri, Akalipentala kumapewa, Mayi kumiyendo, monga tinkanyamulira zitseko. Mwana wanga pafoni: masiku asanu pabedi, osadzuka, osakambirana. Akuti akamva kuti ndagwira khasu abwera yekha.

Lachisanu, 13 Disembala

Ndikulemba chogona, kope lili pamimba. Pawindo ndikungoona nsonga ya mapeyala ndi kachidutswa ka thambo.

M'mawa ndinauza Mayi kuti lero kulibe mvula, ntchito ya posefukira idikire ndichire. Inayamba 11 koloko. Yamphamvu, yosalekeza. Patatha ola ndinamva chitseko cha kukhitchini, kenako majombo, kenako mawu a Akalipentala kumalire akuitana, "Amayi! Yadzaza! Ikutayikira ku kanjira!"

Mayi anafika pawindo langa, thumba la pulasitiki kumutu, khasu paphewa, madzi akuyenderera pachibwano.

"Bambo, ndikukatsegula. Nditsegule pati?"

Ndinayesa kudzuka, msana unakana. Ndinali nalo yankho lalitali, la manambala. Ndinayang'ana kudenga.

"Sindikuona kuno, Mayi. Tsegulani pamene mukuonapo inu."

Anandiyang'ana kanthawi, ngati akufuna kutsimikiza kuti ndine yemwe. Kenako anachoka.

Ndinamva khasu. Kasanu, kasanu ndi kamodzi. Phokoso la miyala akuisuntha. Kenako zii, mvula yokha padenga. Kenako kumunsi, mawu a Akalipentala, okondwa ngati mwana: "Afika! Afika ku nthochi!"

Sipanathe mphindi ziwiri.

"Amayi! Basi! Chepetsaniko, achuluka!"

Ndipo Mayi, mawu amene sindinawamvepo, omveka mpaka kumsewu: "Akalipentala, sankhani chimodzi!"

Kuseka kukupweteka msana.